Mphuno za Tchalitchi Chathu

Tchalitchi chathu cha Lutheran pa Katete chili ndi mphuno zisanu ndi ziwiri. Munthu wongodutsa sangazione. Zili kumunsi kwenikweni kwa khoma loyang'ana kumsewu, pamene njerwa zimakumana ndi nthaka: timabowo tokwana zala ziwiri, tosiyidwa dala pakati pa njerwa. Amalume, amene anamanga tchalitchichi, ndiwo anapatsa timabowoto dzina loti mphuno. Ine ndinazitseka zonse ndi daka ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, masanasana, ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndikulemba izi chifukwa pamsika mpaka lero alipo anthu amene amati amalume anamanga tchalitchi chong'aluka.

Sukulu ndinasiyira giredi eyiti kwathu ku Sinda. Sikuti mutu sunkagwira ayi. Mphunzitsi wina anawerenga pepala langa la mayeso mokweza kalasi yonse ikuseka, ine n'kunyamula desiki n'kuiponya pabolodi. Amayi anapita kukapepesa, ine ndinakana kuwatsata. Ndinakhala zaka zingapo ndikungozungulira pamudzi, kulima pang'ono, kumenyana kwambiri, makamaka kubwalo la mpira. Amayi atatopa nane anandikweza minibasi mpaka pa Katete, n'kundiimika pamaso pa mlongo wawo.

“Achimwene, mwana wanu ndi uyu. Ine ndalephera. Mwina njerwa zimuphunzitsa.”

Amalume anandiyang'ana manja, osati nkhope. “Alowe,” anatero.

Kwathu tonse ndi a mpingo umene akuluakulu amautcha wa Adachi. Amalume okha ndiwo anapatuka. Ali mnyamata anapita ku Lusaka kukanyamula daka, kumeneko n'kuyamba kupemphera ndi a Lutheran, ndipo pobwerera anabwera ndi zinthu zitatu: mpeni womangira, levulo ndi mpingowo. Pa Katete anapeza mabanja anayi okha opemphera chimodzimodzi. Ankasonkhana pakhonde pa munthu wina wosoka zovala. Kenako anamanga chisakasa cha udzu, chiswe n'kuchidya m'zaka ziwiri. Atapempha malo omangapo, malo abwino onse anali atatengedwa kale ndi mipingo ikuluikulu. Iwo anapatsidwa potsetsereka, pamene nthawi ya dzinja madzi ochokera kuphiri amatumphuka pansi ngati thukuta.

Mbiri imeneyi sindinaiwerenge m'buku. Amalume ankaifotokoza tikudya masana, atatsamira khoma lomwelo, akuloza ndi chala. Anati pokumba maziko madzi anadzaza m'ngalande asanaike njerwa ndi imodzi yomwe. Anthu anati tisiye, malo ano ndi dambo. Iwo anakana. M'malo mothira dothi pansi pa tchalitchi, anathiramo miyala yokhayokha, imene amayi anatuta pamutu ndi ina pangolo kuchokera kuphiri. Madzi amayenda pakati pa miyalayo, pansi pa mapazi a anthu akupemphera, n'kukatulukira m'timabowo tija kumunsi.

“Madzi a phiri ili sungawaletse, iwe,” ankatero. “Ine ndinangowasiyira potulukira. Ukadzatseka mphuno izi, nyumba idzabanika.”

Ndinamva mawu amenewa mwina kakhumi. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Makoma a tchalitchi chathu kunja alibe pulasitala, choncho munthu atha kuwerenga zaka zake. Chigawo chakutsogolo n'cha njerwa zofiira, zoumbidwa ndi dothi la chulu chimene chinali pamene pano pali nyumba ya abusa. Chigawo chachiwiri, chimene anawonjezera anthu atachuluka, n'cha njerwa zakuda, chifukwa amene ankasonkhezera uvuni anakangana za nkhuni n'kupsetsa njerwazo mopitirira. Kumbuyo kuli vesitile, chipinda chovalira abusa, ya mabuloko a simenti, imene amalume anamanga akudandaula, ati buloko ilibe nkhope. Mazenera ndi osongoka pamwamba. Abusa oyamba anali ndi kalendala ya chithunzi cha tchalitchi cha kutsidya kwa nyanja, amalume n'kuiyang'ana masiku atatu, kenako anakhoma chikombole cha zenera ndi matabwa a ngolo yakutha. Zenera lachitatu ndi lonenepa pang'ono kuposa anzake chifukwa chikombolecho chinavumbwa n'kupindika. Palibe amene amaona zimenezo kupatula iwo, ndipo zimawapwetekabe.

Tsiku loyamba kulowa ndinadabwa. Kwathu gome lolalikira limakhala pakati, pamwamba, mlaliki akukuyang'ana ngati waba. Muno pakati pali guwa, tebulo la Mgonero lokhala ndi mtanda, ndipo gome lili pambali. Ndinafunsa chifukwa chake.

“Funsa abusa. Ine anangondiuza kuti munthu akalowa, maso ake ayambe agwera patebulo. Ndinayeza kuchokera pakhomo ndi chingwe.”

Chinthu chimodzi chokha chinali chosatha. Pambali pa khomo panali chitsa cha nsanja ya belu, cholekeza m'chiuno, zitsulo zadzimbiri zitatulukira pamwamba. Anachiyamba limodzi ndi khoma loyamba, koma mphamvu za mpingo zinathera padenga. Kenako kunabwera nyumba ya abusa, kenako zimbudzi, kenako vesitile. Pachitsapo pankakhala ana ndi mbuzi, ndipo belu lathu linali limu ya tayala la lole yopachikidwa mumtengo wa mango. Chithunzi cha nsanjayo amalume anachijambula ndi pensulo papepala la thumba la simenti, n'kulipinda kanayi, n'kumalisunga m'buku lawo la nyimbo. Pepalalo linali lalikulu kuposa ine pa zaka.

Chaka chachinayi ndili nawo, abale a mpingo wina wakutali anatumiza belu lenileni. Linakhala m'vesitile pamwamba pa tayala lakutha, ana akumabwera kudzaligogoda ndi zala. Mpingo unagwirizana kuti mvula isanabwere timange khonde la simenti kuzungulira tchalitchi, ndipo mvula ikatha amalume amalize nsanja yawo. Phewa lawo lakumanja linali litayamba kale kuvuta, moti m'mawa ankalipaka mafuta otentha asananyamule mpeni.

“Ndikangokweza belu lija, mpeni uwu ndikupatsa iwe,” anandiuza. “Ine ndikhale pansi ndizimva likulira.”

Ndiye kunabwera Lachitatu lija la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kuyambira m'mawa ndinkamanga ndekha masitepe a pakhomo. Amayi a mpingo ankatitungira madzi, ndipo pakati pawo panali mtsikana wina wa kwaya amene ndinali nditayamba kumupatsa moni kawiri patsiku. Amalume anafika, n'kuika levulo pa sitepe yachiwiri, n'kuyang'ana kathovu ka m'levulomo nthawi yaitali.

“A Injiniya,” anatero mokweza, “masitepe awa ndi okwerera anthu kapena otsetserekera ana?”

Amayi aja anaseka.

“Kwasiyana pang'ono chabe, amalume. Ndikonza ndi pulasitala.”

“Uveke chitenje ntchito yopotoka? Gogo akadzagwa apa adzati anamanga ndani?”

Anaponda ndi jombo, daka linali lisanaume, njerwa zonse n'kugwa. Mtsikana uja anatseka pakamwa ndi nsalu, koma mapewa ake ankagwedezeka. Ndinamva magazi akuwira m'makutu. Ndinaponya mpeni, n'kukamenya diramu ya madzi, diramu n'kulira kuposa limu ija.

“Mangani nokha tchalitchi chanucho!”

Ndinakakhala kumsika mpaka madzulo. Chakudya tinadya osayankhulana.

M'mawa mwake kunabwera foni yoti bambo awo a anti, akazi a amalume, amwalira ku Vubwi. Onse awiri ananyamuka nthawi yomweyo. Amalume anaima pakhomo chikwama chili m'manja.

“Khonde umalize mvula isanabwere. Pa mphuno iliyonse uikepo paipi, idutse pansi pa khonde, ikatulukire kunja, yopendekera kumunsi. Mapaipi ali m'vesitile. Wamva?”

“Ndamva.”

“Wamva ndi makutu, kapena ndi mkwiyo wakowo?”

Akanapanda kunena mawu omalizawo, mwina nkhani ino kukanakhala kulibe. Koma ndisawaike mlandu ayi. Dzanja linali langa.

Abambo awiri a mpingo ankandithandiza kuponda konkire. Tsiku lothira mbali ya kumsewu ndinafika iwo asanafike. Ndinatenga mapepala a simenti, n'kuwakankhira m'mphuno zonse, n'kumata daka pamwamba. Mumtima ndinkati tione ngati nyumba imapumadi. Theka la mutu wanga linkakhulupirira kuti timabowoto ndi zopeka za mdala wofuna kutchuka. Theka lina linkadziwa, ndipo ndi theka limenelo limene linatenga sowo. Ndinadula mapaipi tizidutswa totalika ngati chala, n'kutiika m'mphepete mwa khonde, kunja kukuoneka kukamwa kwa paipi, m'kati mulibe kanthu. Mapaipi otsala ndinakawaponya m'chimbudzi chakale chimene chinali chitasiyidwa. Kutseka timabowo unali mkwiyo. Tizidutswa tija ayi, tinali bodza, ndipo ndinatiyeza ndi chingwe kuti tikhale pamzere.

Khondelo ndinalisalaza ngati tebulo. Masitepe ndinamanganso, levulo n'kugona pakati penipeni. Lamulungu anthu ankapukuta nsapato asanapondepo.

Amalume anabwera patatha milungu iwiri, ali ofooka ndi fumbi la msewu wa ku Vubwi. Asanafike n'kunyumba komwe anadzera kutchalitchi. Anazungulira khonde lonse akugogoda ndi chidendene. Atafika mbali ya kumsewu anawerenga mapaipi ndi chala, asanu ndi awiri.

“Eya,” anatero. “Apa wagwira ntchito.”

Zaka zinayi ndinali ndisanamvepo mawu amenewo. Anandigulira chakumwa chozizira pa kantini. Ndinamwa chonse. Pamenepo ndikananena, hamala imodzi ikanakonza zonse tsiku lomwelo.

Mwezi wa Disembala unadutsa bwino, ine n'kuyamba kudziuza kuti mwina mdala ankanamadi. Mu Januwale pansi panayamba kuchita thukuta mbali ya kumsewu. Amayi ogwada kumeneko ankadzuka zitenje zitanyowa m'mawondo. Kenako pakhoma panatuluka zoyera ngati mchere, penti n'kuyamba kusupuka. Lamulungu lina mu Febuluwale, mvula itagwa masiku anayi osakata, tinapeza mng'alu wochokera pansi pa zenera lachitatu mpaka pansi. Poyamba unali ngati ulusi. Patatha milungu iwiri mwana ankalowetsamo chala.

Mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu wofatsa woyankhula pang'onopang'ono, anaitanitsa msonkhano mapemphero atatha. Munali bambo wina wogwira ntchito za misewu, wa mapepala ake, amene anali atasamukira pa Katete chaka chapitacho. Anaimirira n'kuvula magalasi.

“Sitikunyoza adala athu ayi. Anagwira ntchito yaikulu. Koma anamanga ndi maso, pulani panalibe, ndipo malo ano ndi amadzi. Maziko atopa. Manje belu lija ndi lolemera, ndipo pansi pake pazidutsa ana athu. Tingaliike pa maziko a munthu yemweyo?”

Amalume anaimirira akugwira benchi yakutsogolo. “Khoma limenelo laona mvula zambiri kuposa ana anu onse.”

“N'chifukwa chake latopa, adala.”

Ena anaseka pang'ono, ena anayang'ana pansi. Amalume anatembenuka n'kundiyang'ana ine, kenako n'kukhala.

Ndinaimirira. Ndinkafuna kunena zoona. Koma nditaona nkhope zonse zija, ndi mtsikana wa kwaya uja pabenchi yachiwiri, pakamwa panga panatuluka zina.

“Inu mwabwera liti kuno? Munaumbako njerwa ingati? Misewu yanu yokumbikakumbika ija ndiye mukudzitama nayo? Tulukani panja tione!”

Abambo atatu anandigwira n'kunditulutsa ndikupalapata. Panja mayi wina wachikulire anandipatsa madzi m'kapu.

“Usalire, mwanawe. Taonani mmene amawakondera amalume ake.”

Ndinamwa madziwonso.

M'katimo anagwirizana kuti nsanja imangidwe ndi amisiri a ku Chipata, payokha, kutali ndi khoma, ndipo chitsa cha amalume chigumulidwe. Ndinamva kuti amalume anangoti, “Chabwino, mpingo wanena.”

Kwa ife a Lutheran mapemphero amayamba ndi kuulula machimo. Tonse timaimirira n'kunena pamodzi kuti tachimwa m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita, abusa n'kulengeza chikhululukiro. Ndinkanena mawuwo Lamulungu lililonse mng'alu uli kudzanja langa lamanzere. Kuulula pagulu n'kosavuta, mawu ako amabisala m'mawu a anzako. Koma Mgonero uli ndi mwambo wake: Loweruka munthu umapita kwa mkulu wa mpingo kukalembetsa dzina kuti mawa udya nawo. Ine ndinasiya kupita. Ndinkati ndatanganidwa. Amalume ankapita okha, kubwera okha, osandifunsa.

Nkhani inatuluka m'tchalitchi n'kufika pamsika. Bambo wina wa golosale amene anali atapangana ndi amalume kuti amumangire nyumba anatumiza mwana kudzanena kuti aganizaganiza kaye. Sanabwerenso. Munthu amene anamanga theka la mashopu a mumsewu wathu anayamba kuitanidwa kukamanga zimbudzi ndi makola a nkhumba. Ankapita, ankaika levulo ngakhale pa khola. Pepala lija sindinalionenso m'buku lawo la nyimbo.

Mu Meyi amisiri a ku Chipata anafika ndi lole yawo. Anayamba ndi kugumula chitsa. Ankati ndi ntchito ya m'mawa umodzi, koma tsiku lachitatu anali akadali pomwepo. Ine ndinkadutsa ngati wopita kwina, n'kuima. Kapitawo wawo, munthu wamimba wovala chipewa chachikasu, anakhala pa wilibala akupukuta thukuta.

“Iwe, ndiwe wa pano? Anamanga ichi ndani?”

“Amalume anga.”

“Hamala yachiwiri iyi, yoyamba yathyoka mpini. Njerwa ikusweka pakati, daka osalekana nayo. Mudala ameneyu amadziwa ntchito, mwana. Nanga khoma lija linang'aluka bwanji? Sizigwirizana.”

Miyendo inanditengera kunyumba yokha.

Amalume ndinawapeza pansi pa mtengo akuwongola misomali yakale pamwala. Ndinakhala pansi patali pang'ono, monga amakhalira munthu wobwera ndi mlandu.

“Amalume, mphuno zija ndinatseka ndine. Mapaipi aja ndi tizidutswa chabe.”

Anamenya msomali kawiri, n'kuuponya m'chitini, n'kutenga wina.

“Ndikudziwa.”

“Mukudziwa?”

“Mvula yoyamba ya Januwale ndinapita kukaona. Phiri lonse likutuluka madzi, mapaipi ako ali gwa, ouma. Ndinalowetsa sipoko ya njinga, n'kulekeza apa.” Anaonetsa kutalika kwa chala.

Mkwiyo wanga ndi wopusa, umabwera ngakhale pamene ulibe malo. “Ndiye bwanji simunanene? Bwanji simunaswe khonde nthawi yomweyo?”

“Tsitsa mawu, uli pakhomo panga.” Anaika hamala pansi. “Ndikanaswa, anthu akanafunsa kuti anaika mapaipi abodza ndani. Iwe setifiketi ulibe, munda kuno ulibe, uli ndi manja okha. Ndani angapatse nyumba yake mmisiri woika mapaipi abodza? Ndikanamuuza chiyani mlongo wanga? Ndinati ndidikire, anena yekha, munthu akanena yekha anthu amamumvera chisoni. Mng'alu utatuluka ndinati tsopano anena. Pamsonkhano paja utaimirira, ndinati eya, wayamba. Iwe n'kuyamba kutukwana munthu wosalakwa.”

“Ndikhululukireni, amalume.”

“Nanenso ndinalakwa, ndinadikira mpaka khoma langa linang'aluka. Ndinayesa mutu wako ndi wofewa kuposa njerwa.” Anatenganso hamala. “Kukhululuka ndinakhululuka kale, sindikanadya Mgonero ndili nazo kukhosi. Koma nsanja yapita. Zimenezo usandifunse kuti ndizimve bwino.”

Tsiku lotsatira linali Loweruka. Amayi a mpingo ankasesa ndi kukolopa, amisiri a ku Chipata akukumba maziko awo chapatali. Ndinafika ndi hamala yaikulu ndi tchizulo, n'kuyamba kuswa khonde pa paipi yoyamba.

“Iwe! Wapenga? Khonde lokongolali!”

Mmodzi anathamanga kukaitana mkulu wa mpingo. Ine ndinangopitiriza. Konkire yanga inali yolimba, ndinaiponda bwino, zimenezonso zinandipweteka. Nditafika pakhoma ndinathyola daka lija, n'kukoka pepala la simenti lowola ndi zala. Panatuluka madzi akuda, onunkha ngati m'dambo, oyamba pang'onopang'ono kenako ndi mphamvu, n'kudutsa pamapazi panga kulowera kumsewu. Mvula inali itasiya mwezi wathunthu. Amayi aja anaima n'kumaonerera, matsache ali m'manja.

Mkulu wa mpingo anafika madzi akutulukabe. Ndinatola kachidutswa ka paipi n'kuwapatsa m'manja, n'kufotokoza zonse, kuyambira pa masitepe. Anakatembenuza kangapo.

“Mwana wanga, ukudziwa chimene wawachita amalume ako?”

“Ndikudziwa, bambo. Abwezereni nsanja yawo. Ine mundichite chilichonse.”

Anayang'ana kumene kunali chitsa. Panali mulu wa zidutswa za njerwa ndi zitsulo zopindika. Anayang'ananso dzenje la amisiri aja, lofika kale m'khosi.

“Tibweze chiyani? Tinapangana nawo kale anthuwa, ndipo maziko a amalume ako ndi awo ali apowo. Zimene wandiuzazi ukanene mawa pamaso pa mpingo. Ndi zokhazo zatsala.”

Ndinamaliza mphuno zina zisanu ndi imodzi tsiku lomwelo, manja atatuluka matuza. Kapitawo uja anabwera kudzaona, n'kupukusa mutu, n'kundibwereka tchizulo yake yakuthwa.

Lamulungu, mapemphero atatha, ndinaima kutsogolo, pambali pa guwa, n'kunena ndekha, popanda mawu a anzanga obisalamo. Ndinapepesa kwa amalume, kwa mpingo, ndi kwa bambo a misewu aja. Bambowo anadzuka, n'kupita pamene anakhala amalume, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Mayi amene anandipatsa madzi uja sanandiyang'ane n'komwe. Mtsikana wa kwaya anakwatiwa chaka chomwecho ndi mnyamata wokonza mafoni, ndipo sindimuimba mlandu.

Mpingo unapempha amalume kuti akonze mng'alu. Anadikira khoma liume miyezi itatu, kenako anachotsa njerwa imodziimodzi n'kulukamo zatsopano, ine ndikuwapatsira. Njerwa zofiira za chulu chija kulibenso, choncho pansi pa zenera lachitatu pali mzere wotuwa wotsika mpaka pansi. Tsopano khomalo lili ndi mitundu inayi, ndipo wachinayiwo ndi wanga.

Koma amene anamva kuulula kwanga ndi anthu a m'tchalitchi chimodzi chaching'ono. Amene anamva za mng'alu ndi Katete yense. Wa golosale uja nyumba yake anamanga ena. Mwezi watha ndili pamzere wogula misomali, bambo wina kumbuyo kwanga ankauza mnzake kuti asatenge mdala wa ku Lutheran uja, tchalitchi chake chinang'aluka. Ndinatembenuka, dzanja litapanga kale chibakera. Ndinalitsegula. Ndinawauza kuti anang'alula ndine, n'kufotokoza za mapaipi. Anandiyang'ana ngati wamisala, n'kusintha nkhani. Ine ntchito ndimapezabe, mwina chifukwa ndine wamng'ono ndipo ndimafulumira. Amalume phewa linakula, sakwezanso dzanja kupitirira mutu. Mpeni uja anandipatsa ndithu, tsiku wamba, popanda mawu, atauika pa wilibala yanga.

Nsanja inatha. Ndi ya mabuloko, yamakona anayi, yopakidwa penti yoyera, ndipo belu limamveka mpaka kusiteshoni ya minibasi. Ya amalume ikanakhala ya njerwa, yokhala ndi timazenera tosongoka ngati ta tchalitchi, n'kumachepa pokwera. Ndikudziwa chifukwa pepala lija ndinalipeza m'chitini cha misomali, atakulungiramo misomali ya malata. Ndinasamutsa misomaliyo, pepala ndili nalo.

Mvula ikayandikira ndimapita ndi waya kukatokosa mapaipi onse asanu ndi awiri, enieni tsopano, mpaka wayayo ikagunde miyala ya pansi. Chaka chino amalume anabwera nane. Anakhala pa masitepe aja, ine ndili chogwada pakhonde. Mnyamata wa belu anayamba kuliza belu loitana a kwaya. Amalume anakweza maso kwa nthawi yoyamba chimangireni nsanjayo, n'kutsinzina diso limodzi.

“Yapendekera,” anatero. “Zala ziwiri, cha kumsewu. Ukuona?”

Iwo atapita ndinakatenga levulo n'kuiika mbali zonse zinayi. Kathovu kanagona pakati penipeni. Madzulo anandifunsa ngati ndayeza.

“Ndayeza, amalume.”

“Ndiye?”

Ndinayang'ana phewa lawo lija.

“Ili bwinobwino.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Eya,” anatero. “Ndimadziwa. Anyamata aja amaitha ntchito.” Anadzuka n'kulowa m'nyumba, chakudya chili pamphasa chosakhudza.